Lumo la Nyalongwe

Pa maliro a Nyalongwe mwezi wathawu, mkulu wina wa mpingo anaimirira, nakonza kolala yake, n'kuuza anthu kuti tataya mayi wofatsa, wokonda mtendere, wosadziwa kukangana ndi munthu. Ine ndinatuluka m'tchalitchi nyimbo isanathe. Akuti ndinachita mwano. Anene zimenezo. Mwano weniweni ndi kunamizira wakufa amene sangadzuke kuti akutukwane, ndipo Nyalongwe akanadzuka m'bokosi muja, mkulu ameneyo akanamva mawu amene sanawamvepo chibadwire. Mayi uja sanali wofatsa. Pakamwa pake panali ngati mbedza, akakukola sumachoka wopanda bala. Anakangana ndi mafumu, anakangana ndi aphunzitsi, anakangana ndi ine. Ndipo akanakhala wofatsa, mlongo wanga Masozi, amene anasambitsa mtembo wake, bwenzi mafupa ake ali kutsidya la nyanja, kudziko limene sitilidziwa dzina.

Anali wamfupi, wa mapewa otambalala ngati mwamuna wopalasa bwato. Mutu wake sindinauonepo uli ndi tsitsi. Likangoti limere pang'ono, ankakhala pansi, kunyowetsa mutu, n'kudzimeta yekha popanda kalirole. M'khosi mwake munkalendewera kathumba ka chikopa cha mbuzi, ndipo m'kathumbamo munali zinthu ziwiri, fodya wa m'mphuno ndi lumo losulidwa kuchokera ku khasu lakutha. Kuyambira utsikana wake iye ndiye ankameta anamfedwa kwathu kuno. Maliro akatha, ofedwa ankagwada pamaso pake mmodzimmodzi, iye n'kuwachotsa tsitsi la imfa kuti abwerere pakati pa anthu. N'chifukwa chake ana ankamuopa. Akamuona akudutsa ankagwira mitu yawo n'kuthawira kuseri kwa maukonde.

Malo ake anali pa thanthwe lina la m'mbali mwa dziwe limene amayi amaviikamo chinangwa, kumpoto kwa doko lathu la ku Chintheche. Amene sanakulire kunyanja sangakhalepo nthawi yaitali chifukwa cha fungo la chinangwa chovunda. Iye ankati fungolo ndi mlonda wabwino, limathamangitsa anthu ovala bwino. Pa thanthwepo ankanolera lumo lake, malo amodzimodzi chaka ndi chaka, mpaka mwala unakumbika kamsewu koti chala n'kulowamo.

Anali ndi funso limodzi limene ankafunsa aliyense wobwera ndi uthenga wokoma wochokera kutali. Munthu akati, "Mwana wanu ndamuona ku Halale, ali bwino, wanenepa," iye ankayamba wakoka fodya, n'kuyang'ana munthuyo kumapazi, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga phazi lake lamanzere lapola?" Anyamata a masiku ano amalinena funsoli pa bawo mnzawo akamanama, n'kumaseka, osadziwa kumene linachokera. Si nthabwala. Linachokera m'zaka za m'ma 1880, azungu a mishoni atangofika kumene ku Bandawe, ine ndisanayambe kugweza mano. Zimene sindinaone ndi maso anga ndinazimva kwa amayi anga ndi kwa Masozi, ndipo awiriwa sankasiyana mawu.

Nthawi imeneyo sitinkakhala momwazikana ngati lero. Tinkakhala mothinana m'linga la mitengo ndi minga, chifukwa cha nkhondo ya Angoni a kumapiri. Mvula ikatha, udzu ukauma, aliyense ankagona khutu limodzi lili panja. Amene ankagwidwa kawirikawiri anali a kumunda, okazula chinangwa kutali ndi linga. Atate anga anagwidwa choncho. Kamiza, mwana yekhayo wa Nyalongwe, mnyamata wongoyamba kumene kupalasa bwato, anagwidwanso choncho. Munthu wogwidwa ndi wovuta kuposa wakufa. Wakufa umamulira, umameta, umadzuka. Wogwidwa sungamumetere, chifukwa kumetera munthu wamoyo ndi kumupha ndi dzanja lako. Choncho m'linga munali amayi ambiri a tsitsi lowirira, osadziwa ngati ali akazi a anthu kapena amasiye.

Apa ndi pamene panalowera Kabefu. Musaganize kuti anali mlendo. Anali mnzathu, wa kwathu konkuno, koma anakulira pakati pa Angoni, makutu ake anali oboola monga awo, ndipo ankayankhula chiyankhulo chawo. Ankati amadziwa njira zonse za kumapiri ndi nduna zonse za kumeneko, ndipo angathe kuwombola munthu. Ulendo woyamba sankapempha kanthu. Ankangofika pakhomo, kukhala pansi, n'kulira nawe. Misozi yeniyeni, amayi ankatero, yochita kudontha pachifuwa. Ulendo wachiwiri ndiye ankati wamuona munthu wako, ali moyo, wakupatsa moni, koma mbuye wake akufuna makasu. Ukapereka makasu, mbuyeyo ankafuna nsalu. Ukapereka nsalu, ankafuna mbuzi. Ndipo potuluka ankanong'ona kuti, "Musauze munthu, ama, ngakhale mlongo wanu. Angoni ali ndi makutu m'linga muno. Akamva kuti nkhani yawanda, amubaya."

Choncho aliyense ankabedwa yekhayekha, khomo ndi khomo, akupatsana moto m'mawa osadziwa kuti chilonda chawo ndi chimodzi.

Ndidumphe kaye, ndinene zimene Nyalongwe anaphunzirapo, chifukwa ndi zimene ine ndinaziona ndili wamkulu. Moyo wake wonse, munthu akanamizidwa n'kulandidwa zake, n'kupita kubwalo mlandu n'kumukanika, ankathera pa thanthwe lija. Kunabwera onamizidwa ndi olemba anthu ntchito, onamizidwa ndi ogula nsomba zouma, amasiye olandidwa katundu wa amuna awo ndi anzawo obwera naye kuchokera ku migodi. Sankawasisita. Choyamba ankawapatsa chinangwa chootcha, chifukwa ankati munthu wa njala amakhululukira wakuba msanga. Chachiwiri ankawauza kuti afotokoze nkhani yonse mokweza, pamaso pa ena amene anabedwapo, osabisa ngakhale pamene anachita mopusa. Ankati wonyenga akakubera amasiya manyazi pakhomo pako kuti azimulondera, ndipo manyaziwo amagwira ntchito usana ndi usiku osalipidwa. Tsiku la mlandu sankalola munthu kupita yekha. Onse a pa thanthwe ankamuperekeza, n'kukhala mzere kumbuyo kwake, osanena kanthu, kungoyang'ana oweruza. Milandu yambiri ankagonjabe. Koma woweruza wodya za wakuba ankameza movutika.

Panali lamulo limodzi, liwu loti chitsiru linali loletsedwa pamenepo. Ine ndinalithyola. Nditabwerako kusukulu ya mishoni ya kuphiri, ndikugwira ukalaliki, ndinapeza msodzi wina akulira kuti anapereka ukonde wake kwa munthu amene anamulonjeza mankhwala oitanira usipa. Ndinati, "Ada, inunso munthu wamkulu, uku ndi kupusa." Chinangwa chovunda chinandimenya pa shati yoyera ndisanatseke pakamwa.

"Iwe mwana wa Nyachirwa," anatero Nyalongwe, "chizungu chakocho unachiyamwa m'bere la ndani? Amako si uja anapereka mbuzi yomaliza kugula mphepo? Pita ukawatche chitsiru amako, ukabwere undiuze."

Mpaka lero ndimati msodzi uja anachita zopusa. Koma pa thanthwe paja sindinabwerezenso, ndipo shati ija fungo silinachoke.

Tibwerere kwa Kabefu. Chinyengo chake chinaululika padziwe pomwepo, ndipo anachiulula ndi amayi anga mosadziwa. Tsiku lina akusenda chinangwa pafupi ndi Nyalongwe, anafunsa chapansipansi ngati bala la munga wa kuphazi limapola msanga kudziko lozizira.

"Phazi la ndani?" anafunsa Nyalongwe.

Amayi anapitiriza kusenda.

"Nyachirwa, ndakufunsa. Lamanzere?"

Amayi anasiya mpeni. Nyalongwe anati, "Wanganso Kamiza akuti anaponda munga. Lamanzere. Akutsimphina, koma likupola." Sananong'one, ananena mokweza. Mayi wina amene anali m'madzi mpaka m'mawondo anagwetsa dengu, chinangwa n'kumwazika. Winanso anayamba kulira. Pofika masana zinadziwika kuti ogwidwa onse a m'linga lathu, amuna, ana, ngakhale nkhalamba ina yosatha kuyenda, onse anaponda munga phazi lamanzere, onse akutsimphina, onse likupola. Kabefu anapeza kuti mayi akamva za kabala kakang'ono amakhulupirira kuti munthu wamuonadi, ndipo ulesi wake sanasinthe n'komwe phazi.

Onse obedwawo anapita nawo mlandu kubwalo, Nyalongwe ali patsogolo. Mwini linga sanali munthu woipa, ndipo sinditchula dzina lake poti zidzukulu zake n'zabwino. Anali munthu wamantha, ndipo anali ndi chifukwa. Wonga wonse wa mfuti za m'linga unkabwera ndi Kabefu, amene ankagula kwa Aluya a chombo. Tsiku la mlandu Kabefu anabwera ndi kambiya ka wonga, nakaika pakati pa bwalo, n'kukhalapo ngati mpando. Amayi odandaula aja atatha kuyankhula, iye analira. Anati iye amafera ana a anthu m'njira za mikango, ndipo malipiro ake ndi awa. Anati kumapiri kuli minga yambiri, nanga iye ndiye anaibzala?

Mwini linga anayang'ana pansi, nati, "Ama, mawu anu tawamva. Koma udzu ukuuma. Angoni akatsika, mudzawathamangitsa ndi chinangwa?"

"Ndiye mwagula wonga ndi ana athu, ada?" anatero Nyalongwe.

"Ngati mukuti ndine wakuba, timwe mwavi," anatero Kabefu, akupukuta misozi. "Wosanza ndiye wolungama."

Nyalongwe anatembenuka kuyang'ana woponda mwavi, amene anakhala chapambali. Munthuyo anavala nsalu yakuda ya biriwita yatsopano yokhala ndi chigamba chofiira pakona. Chigambacho anasoka ndi Nyalongwe mwini, asanapereke nsaluyo kwa Kabefu kuti akawombolere Kamiza. Anadziwa kuti chikho chake chapondedwa kale. Anakhala pansi. Chigamulo chinali chakuti mlandu palibe, ndipo aliyense amene adzatchulenso dzina la Kabefu pamodzi ndi liwu la kuba adzamwa mwavi tsiku lomwelo.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti potuluka pabwalo, amayi ena anatukwana Nyalongwe, osati Kabefu. Anati wakwiyitsa munthu yekhayo wodziwa njira. Anati mwina minga ndi yambiridi. Munthu akapereka zambiri safuna kumva kuti anaponya m'madzi, amafuna aperekenso kuti zoyamba zija zikhale ndi tanthauzo. Kabefu ankadziwa zimenezi kuposa ife tonse. Sanathawe. Anayendanso khomo ndi khomo, nati chifukwa cha phokoso lija nduna za kumapiri zakwiya, sizikufunanso makasu kapena mbuzi. Zikufuna mwana wa chikole, wongokhala kumeneko dzinja limodzi, wogwidwa uja n'kumasulidwa.

Masiku omwewo chombo cha Aluya chinali chitabisala kuseri kwa miyala ya ku Makuzi, kudikira kuti mwera uleke. Aliyense ankachiona. Mlongoti wake unkaonekera pamwamba pa miyala ngati chala. Palibe amene ankafunsa kuti mwana wopita kumapiri adzera bwanji kunyanja.

Abale a atate anga anawakhalira amayi pakhosi. Anati m'bale wathu akuvutika kwa adani iwe uli ndi mwana wamkazi wongodya. Anati ukakana ndiye kuti uli ndi mwamuna wina. Amayi analimba masiku angapo, kenaka anagonja. Masozi anali asanamere mawere. Anamusambitsa, kumudzoza mafuta a nsatsi, n'kumuveka mkanda woyera umene Kabefu anatumiza. Iye amati anakondwa kwambiri ndi mkandawo, ankayendayenda kuonetsa anzake.

M'mawa wotsatira mwera unaleka. Amene mumadziwa nyanja mukudziwa bata limene limabwera mwera ukatha, khutu limachita kulira. Kutali pamadzi nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija, zinaima ngati utsi wa mudzi wopsa. Ku Makuzi anayamba kukweza thanga la chombo.

Nyalongwe anapita padziwe, nakhala pa thanthwe, n'kuyamba kunola lumo. Amayi oviika chinangwa anafunsana kuti wamwalira ndani. Iye anatunga madzi a m'dziwe momwemo, kunyowetsa mutu, n'kukuwa dzina la Kamiza mwa kulira kwa maliro, lumo n'kulowa m'tsitsi.

"Nyalongwe, mwapenga? Mukupha mwana wanu!"

"Ndikumupha, inde," anatero, tsitsi likugwa pamiyendo. "Wakufa alibe mtengo. Ndione amene abwere kudzandigulitsa mtembo."

Atatha anaika lumo pabondo n'kudikira. Kenaka mayi uja anagwetsa dengu anatuluka m'madzi n'kugwada. Pambuyo pake wina, kenaka wina. Aliyense ankatchula dzina la munthu wake, onse n'kulira naye, lumo n'kudutsa. Tsitsi ankaliika m'lichero.

Njira yochoka kwathu kupita kwa Kabefu inkadzera padziwe. Amayi anafika atagwira Masozi dzanja, ine ndikuwatsata, alamu awo awiri ali kumbuyo ngati oweta. Ataona mitu yometedwa anaima.

"Nyachirwa," anaitana Nyalongwe, "mwanayo wawala bwanji. Akupita kuukwati?"

"Musanditero, ama."

"Bwera kuno."

"Nanga akakhala kuti ali moyo?" anatero amayi. "Ndimumetere ali moyo?"

"Mwina ali moyo. Ine sindikudziwa, ndipo sindikunamiza ngati ena. Ukameta, iye n'kudzabwera, adzakuda mpaka kufa. Koma amene ndikumuona ndi maso anga kuti ali moyo ndi uyo wagwira dzanjayo. Yang'ana ku Makuzi. Kumapiri amapita pa thanga?"

Mlamu wamkulu anakalipa kuti, "Iwe mfiti, siya mkazi wa m'bale wathu! Tiye, Nyachirwa, dzuwa likukwera."

Amayi amati sanaganize kanthu, anangopezeka atagwada. Anayesa kutchula dzina la atate n'kulephera, Nyalongwe n'kuwatchulira. Lumo likangokhudza mutu wa namfedwa, palibe mwamuna angamugwire, ndipo mwana wa nyumba ya maliro saperekedwa kwa munthu, kaya ukwati kaya chikole, mpaka miyambo yonse ithe. Alamu aja ankadziwa zimenezi. Anangoima n'kumatukwana, mapazi osasuntha. Atatha amayi, Nyalongwe anakoka Masozi, nadula chingwe cha mkanda ndi lumo lomwelo, mikanda n'kugwera m'dziwe. Masozi analira mkandawo kuposa atate. Kenaka ine. Ichi ndiye ndimachikumbukira ndekha: kuzizira kwa chitsulo, madzi onunkha akutsikira m'maso, ndi dzanja lolimba litandigwira chibwano. Anandicheka pang'ono kuseri kwa khutu, chipsera chilipo.

Tsitsi la maliro limakwiriridwa kutali, kumene munthu sapondako. Nyalongwe anasenza lichero n'kulowera m'linga, ometedwa onse pambuyo pake mumzere. Anawauza kuti pasapezeke wotsegula pakamwa, poti bwalo linaletsa mawu. Anadutsa pabwalo, anadutsa pakhomo pa mwini linga, amene analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Atafika kwa Kabefu anamupeza atakhala pakhonde, akudikira ana. Nyalongwe anakhuthula lichero pakhomo penipeni, tsitsi lakuda ndi la imvi mulu umodzi, nagogoda lichero kuti pasatsale kanthu. Dzina lake sanalitchule. Liwu la kuba sanalinene. Panalibe choti munthu amwere mwavi. Koma mwana aliyense wa kunyanja ankadziwa tanthauzo lake, kuti imfa zonsezi zagona pakhomo pano.

Akuti Kabefu anayesa kulira, misozi osatuluka. Akazi ake, amene anali kuseri kwa nyumba, anathawa ndi ana awo, osatenga ngakhale mphika. Panalibe amene akanapalanso moto m'nyumba imeneyo kapena kudya naye mbale imodzi. Iye mwini, amene anali atathawira m'nyumba poona lichero, sanathe kulumpha mulu uja, anachita kuboola khoma la kumbuyo. Dzuwa lisanapendeke anali m'chombo.

Musati chilungamo chinachitika. Sichinachitike. Palibe khasu limene linabwerera, palibe mbuzi, ndipo Kabefu sanalangidwe ndi munthu. Ena amati anakafa wolemera kutsidya. Choipa koposa, m'chombomo munakwera ana awiri amene amayi awo sanadzere padziwe, anawapereka kutangocha podzera kuchipata china. Ndipo chilimwe chimenecho wonga unasowa m'linga. Mphekesera ya nkhondo ikamveka, anthu akuthawira pa miyala ya m'madzi ndi ana kumsana, ankatukwana Nyalongwe kuti wathamangitsa mfuti zawo. Denga lake analigenda kangapo. Iye sanapepese. Anapita kukatenga amayi awiri aja, amene anali atadzitsekera m'nyumba osadya, nawakokera pa thanthwe. Mmodzi anafa chaka chomwecho. Winayo, Nyamwase, anakhala pambali pake zaka zonse mpaka ukalamba, ndipo ndiye ankaotcha chinangwa cha obwera kumene. Pakamwa paukali ponse paja, Nyalongwe sanamufunsepo Nyamwase chifukwa chimene sanadzere padziwe.

Tsopano chimene a mpingo anachilumpha dala pa maliro. Patapita zaka, nkhondo itazilala, njira za kumapiri zitatseguka, Kamiza anabwera. Anali bambo wandevu, makutu oboola, wa mkazi ndi ana kumapiri komweko. Ana a m'mudzi atamva dzina lake anathawa, ati mzukwa. Anapeza amake pa thanthwe. Ine ndinalipo pamodzi ndi ena ambiri, ndinali nditayamba kale sukulu.

"Ama, akuti munandilira."

"Ndinakumetera."

"Ndili moyo?"

"Uli moyo."

"Simukanadikira?"

Nyalongwe ankayang'ana mapazi a Kamiza. Kenaka anati, "Tukula lamanzere." Kamiza, posadziwa chifukwa, anatukula. Linali losalala, lopanda chipsera. Amake anamufunsa ngati anaonanapo ndi Kabefu kumapiri, iye nati Kabefu ndani. Ena mwa amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono, poti umboni umene bwalo linaukana unali utabwera ndi miyendo yake. Koma Kamiza sanabwerere umboni. Akulu anamuuza kuti asambe mankhwala a munthu wobwerera kwa akufa asanalowe m'nyumba. Anakana, nati iye sanafe, asambe amene anamupha. Sanadye, sanagone. Anatembenuka tsiku lomwelo. Pambuyo pake tinamva kuti anapita ku migodi. Amake atadwala tinatumiza mawu kulikonse kumene kuli anthu a kwathu, koma sanabwere.

Kuyambira tsiku la padziwe lija Nyalongwe anali asanalole tsitsi kumera, ndipo Kamiza atachoka sanalolebe. Aphunzitsi anamuuza kuti Mkhristu salira ngati wopanda chiyembekezo, iye nawauza kuti mutu ndi wake. Ankati anapha mwana wake ndi dzanja lake ali moyo, ndipo sadzayenda ndi tsitsi ngati munthu amene sanachite kanthu. Tsiku lina ndinamufunsa mosazungulira ngati amadandaula. Anakoka fodya, nayetsemula, n'kuloza ana a Masozi amene ankasewera mumchenga. Anati, "Awerenge iwe wodziwa kuwerenga." Kenaka anandiuza kuti ndichoke, ndikumutchingira dzuwa.

Atate anga sanabwere. Kaya anafa chaka chomwe anagwidwa, kaya anakalamba kwina akutukwana amayi, sitidziwa. Amayi mpaka imfa yawo ankatembenuka msanga akamva mapazi a mwamuna kuseri kwa nyumba. Kubwera kwa Kamiza kunawadwalitsa mwezi wathunthu. Komabe tsiku lililonse Masozi akabwera kudzawaona, ankamugwira dzanja lomwe lija, osalisiya mpaka atanyamuka.

Lumo analiika naye m'bokosi. Masozi ndiye analiika, mobisa, pansi pa nsalu, poopa akulu a mpingo. Ine ndinamukalipira, ndinati likanatsala. Iye anati lumo lopanda dzanja lija ndi chitsulo chabe.

Dzulo ndinapita padziwe. Fungo ndi lomwe lija, chinangwa chili mbuu m'madzi, koma amayi akuviika motalikirana, aliyense ndi dengu lake, n'kumabwerera msanga. Phulusa la moto wa Nyamwase linakokoloka kalekale. Kamsewu ka lumo pa thanthwe kadzaza mchenga, ndipo buluzi ndiye akuothapo dzuwa. Palibe amene amakhalapo, amachita kulambalala.

Mwezi uno m'midzi mwathu mukuyenda munthu wina wa jekete ndi sutukesi, woyankhula mofatsa. Akuti amadziwa kumene kuli machona athu onse a ku Joni, amuna opita osabwerera, ndipo angathe kuwabweza. Sanapemphebe kanthu kwa munthu. Akungofika pakhomo, kukhala pansi, n'kulira nawo.

Dzulolo ndili chiimire padziwe paja, mayi wina wachitsikana amene mwamuna wake anapita kalekale anatsika njira ya kumudzi wopanda dengu. Anafika pa thanthwe, naima, nayang'ana uku ndi uku. Anatsegula pakamwa ngati anene kanthu kwa amayi a m'madzi. Palibe amene anadzutsa mutu. Anakonza nsalu yake pachifuwa, n'kubwerera njira yomwe anadzera.